Martinus Beijerinck, Munthu Amene Anafufuza Timibulu ta pa Mizu ya Nyemba

M'kope lino tasankha kukufotokozerani mbiri ya munthu amene sanapondepo m'chigwa cha Domasi, amenenso dzina lake ambiri a ife sitinalimvepo, koma ntchito yake ili m'munda uliwonse umene tadzalamo nandolo, mtedza, khobwe kapena soya. Munthuyu ndi Martinus Willem Beijerinck wa ku Netherlands, ndipo dzina lakelo limatchulidwa ngati Beyerinki. Iye ndiye anali woyamba kupatula mabakiteriya okhala m'timibulu tomera pa mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, kuwalera paokha ndi kuwapatsa dzina. Masiku ano pamene mtengo wa thumba la feteleza ukusowetsa tulo makolo ambiri, ndi bwino timudziwe munthu amene anathandiza kuonetsa momwe nthaka imadzipezera chonde popanda kugula.

Ubwana wake

Beijerinck anabadwa pa 16 March 1851 mumzinda wa Amsterdam, ndipo anali chitsiriza m'banja la ana anayi. Bambo ake ankachita malonda a fodya, koma malondawo anagwa iye akadali wamng'ono. Banjalo linasamuka ku Amsterdam, ndipo pamapeto pake linakhazikika ku Haarlem, kumene bambowo anapeza ntchito ya ukalaliki ku kampani ya sitima za pamtunda. Ndalama zinali zosakwanira, moti mwanayo anayamba waphunzira kunyumba, bambo ake ali mphunzitsi, kufikira atakwanitsa zaka 12. Atalowa sukulu ya sekondale ku Haarlem anakonda kwambiri zomera. Ankayenda m'tchire kutola masamba ndi maluwa, kuwaumitsa ndi kulemba dzina la chomera chilichonse.

Kuti apitirize maphunziro anadalira achibale amene anamuthandiza kulipira. Analowa sukulu ya ukachenjede ya ku Delft, kumene anaphunzira za chemistry, n'kumaliza mu 1872. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnyamata wina, Jacobus van 't Hoff, amene mu 1901 anadzakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya chemistry. Koma mtima wa Beijerinck unali pa zomera, choncho anapita ku yunivesite ya Leiden. Pophunzirapo ankagwiranso ntchito ya uphunzitsi kuti apeze zodzithandizira, poyamba ku Warffum, kenako ku Utrecht, ndipo kuyambira mu 1876 pa sukulu ya zaulimi ya ku Wageningen. Mu 1877 analandira digiri ya udokotala atalemba za zotupa zimene zimamera pa masamba ndi nthambi za mitengo zikalumidwa ndi tizilombo. Phunziro la zotupa limeneli ndi limene linadzamutsogolera ku mizu ya nyemba.

Mu 1885 anasiya uphunzitsi n'kukayamba ntchito pa fakitale yopanga yisiti ku Delft. Mwini fakitaleyo, Jacques van Marken, anamumangira labotale ndipo anamulola kufufuza zimene mtima wake unkafuna. Delft ndi mzinda womwewo umene Antonie van Leeuwenhoek anaonera mabakiteriya koyamba mu 1676 pogwiritsa ntchito magalasi okulitsa zinthu amene ankasula yekha.

Funso la timibulu

Alimi a m'mayiko ambiri, kuphatikizapo agogo athu, ankadziwa kalekale kuti munda umene munali mbewu za mtundu wa nyemba umabereka bwino chaka chotsatira. Chimene sichinkadziwika ndi chifukwa chake. Chomera chilichonse chimafuna nayitrojeni kuti chikule, ndipo chimanga chikamusowa chimachita chikasu n'kupinimbira. Mumpweya umene timapumawu, magawo 78 mwa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma zomera sizingathe kumugwiritsa ntchito momwe alili mumpweyamo. Zimadalira yekhayo amene wasungunuka m'dothi.

Mu 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, analengeza zotsatira za kafukufuku wawo. Anadzala nsawawa mumchenga wotenthedwa pamoto, wopanda nayitrojeni. Mbewu zimene anazithirira madzi otsukira dothi la m'munda zinamera timibulu pa mizu ndipo zinakula bwino. Zimene sanazithirire madzi amenewo sizinamere timibulu, ndipo zinafota. Apa zinaoneka kuti m'dothi muli chamoyo china chimene chimachititsa timibuluto, ndi kuti timibuluto timathandiza chomera kupeza nayitrojeni wa mumpweya. Koma panalibe amene anali atachipatula chamoyocho kuti achione pachokha.

Beijerinck anagwira ntchito imeneyi. Vuto lalikulu linali lakuti pa khungu la muzu pamakhala mabakiteriya amitundumitundu ochokera m'dothi, ndipo munthu wosasamala akhoza kulera mtundu wolakwika n'kumaganiza kuti wapeza umene amafuna. Choncho ankayamba watsuka kunja kwa kambulu ndi kupha tizilombo tonse ta pamwamba, kenako n'kukaphwanya kuti atenge za m'kati zokha. Chakudya chimene anthu a zachipatala ankalerera mabakiteriya, chopangidwa ndi msuzi wa nyama, sichinkayenerana ndi mabakiteriya amenewa. Iye anawakonzera chakudya chofanana ndi cha kwawo. Anawiritsa masamba a nsawawa, m'madzi ake n'kuthiramo shuga pang'ono ndi chinthu china chotchedwa asparagine, n'kuwalimbitsa ndi gelatin. Pa chakudya chimenechi panamera timagulu toyera, tonanda ngati mamina, ta mabakiteriya a mtundu umodzi. Mu 1888 anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Botanische Zeitung.

Kupereka dzina

Kupeza chamoyo chatsopano n'kosiyana ndi kuchiika m'gulu lake loyenera. Kuyambira nthawi ya Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene buku lake la zomera linatuluka mu 1753, chamoyo chilichonse chimapatsidwa maina awiri a Chilatini. Loyamba ndi la gulu, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo, monga momwe munthu amakhalira ndi dzina la mfunda ndi dzina lakelake. Kwa mtengo kapena mbalame ntchitoyi ndi yosavuta kwenikweni, chifukwa pali masamba, maluwa ndi nthenga zoti munthu ayerekeze. Mabakiteriya ambiri amaoneka ofanana pa mayikulosikopu. Ena ndi obulungira, ena ngati timitengo, ena opiringizika, basi. Wofuna kuwasiyanitsa ankayenera kuyang'ana zimene amadya, ngati amafuna mpweya kapena ayi, mtundu wa timagulu tawo, ndiponso momwe amagwirira utoto umene Hans Christian Gram wa ku Denmark anatulukira mu 1884.

Beijerinck anatcha mabakiteriya akewo Bacillus radicicola. Liwu loyambalo limatanthauza kandodo, chifukwa cha maonekedwe awo, ndipo lachiwirilo limatanthauza wokhala m'mizu. Dzinali silinakhalitse. Mu 1889 katswiri wa zomera wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, anapereka dzina lakuti Rhizobium leguminosarum, ndipo m'kupita kwa nthawi ndilo linakhazikika, pakuti gulu la Bacillus linasiyidwira mabakiteriya amene amapanga timbewu tolimba topirira kutentha, zimene a m'timibulu sachita. Choncho dzina la Rhizobium limene ophunzira athu amalipeza m'mabuku a zaulimi silochokera kwa munthu amene anawapatula koyamba. M'sayansi dzina limatsatira umboni, ndipo likhoza kusinthidwa ngakhale amene analipereka ali wotchuka chotani.

Panatsalanso china chimene sanathe kuchitsimikiza. Pofika mu 1890, iye ndi Adam Prażmowski wa ku Poland anali ataonetsa kuti mabakiteriya oleredwa paokhawo akaikidwa pa mizu yopanda tizilombo tina amameretsadi timibulu. Koma m'mbale za mu labotale mabakiteriyawo sankaoneka kuti akukoka nayitrojeni. Lero tikudziwa chifukwa chake. Chida cha m'thupi mwawo chimene chimagwira ntchitoyi chimaonongeka ndi okosijeni. M'kati mwa kambulu chomera chimapanga chinthu chofiira, chofanana ndi chimene chimafiiritsa magazi athu, chimene chimagwira okosijeniyo n'kumamupereka pang'onopang'ono. Chomera chimapatsa mabakiteriya shuga ndi malo otetezeka, iwo n'kumabweza nayitrojeni. Pa nkhaniyi mutu umodzi susenzadi denga, pakuti akasiyana onse awiri ntchitoyo imaima.

Kuitana tizilombo ndi chakudya

Mu 1895 boma la Netherlands linamusankha kukhala pulofesa pa sukulu yomwe ija ya ku Delft, ndipo mu 1897 anatsegula labotale yatsopano. Apa ndi pamene anakulitsa njira imene mpaka lero imagwiritsidwa ntchito pofufuza mabakiteriya a m'dothi. Kadothi kodzaza supuni kamakhala ndi mabakiteriya mamiliyoni ochuluka, a mitundu yosawerengeka, ndipo kutolamo mtundu umodzi ndi maso n'kosatheka. Nzeru yake inali yakuti m'malo mofunafuna mtundu umene ukuufuna, ukonze chakudya chimene mtundu umenewo wokha ungakule nacho, enawo n'kutsalira. Msodzi wa ku Chilwa amadziwa zimenezi, chifukwa nyambo imene waika pa mbedza ndi imene imasankha nsomba.

Ndi njira imeneyi, mu 1895 anapeza mabakiteriya amene amachititsa fungo la dzira lovunda m'ngalande za mu Delft. Amakhala m'matope mopanda mpweya, ndipo lero amatchedwa Desulfovibrio. Aliyense amene anapondapo matope akuda a m'madambo a ku Chilwa kapena m'munda wa mpunga wa madzi osayenda amalidziwa fungo limeneli.

Mu 1901 anafunsa funso lina: kodi m'dothi muli mabakiteriya okoka nayitrojeni paokha, popanda muzu wa chomera? Sergei Winogradsky wa ku Russia anali atapeza kale mtundu umodzi wotero mu 1893, koma unali wokhala mopanda mpweya. Beijerinck anathira madzi ochepa m'botolo lotakata pansi kuti mpweya uzifika bwino, anaikamo mtundu wina wa shuga wotchedwa mannitol ndi mchere wa fosifeti, koma sanaikemo nayitrojeni ngakhale pang'ono. Kenako anagwetseramo kadothi ka m'dimba. Chamoyo chilichonse chofuna kukula m'botolomo chinayenera kudzitengera nayitrojeni kuchokera mumpweya. Patapita masiku angapo pamwamba pa madziwo panayandama kachikopa ka mabakiteriya akuluakulu obulungira. Popeza sankafanana ndi gulu lililonse lodziwika, anakhazikitsa gulu latsopano n'kulitcha Azotobacter, kuchokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza nayitrojeni. Anafotokoza mitundu iwiri: Azotobacter chroococcum wa m'dothi, amene timagulu take timada tikamakalamba, ndi Azotobacter agilis wa m'madzi a m'ngalande, woyenda mofulumira. Ulendo uno dzina la gululo linakhazikika, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Matenda a fodya

Ntchito imene inamutchukitsa kwambiri kunja kwa kwawo inakhudza fodya, mbewu imene inagwetsa malonda a bambo ake komanso imene dziko lathu lakhala likuidalira pa ndalama zakunja. Adolf Mayer, amene anagwira naye ntchito ku Wageningen, anaonetsa mu 1886 kuti matenda ochititsa mawanga pa masamba a fodya amapatsirana kudzera m'madzi a tsamba lodwala. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anasefa madziwo ndi sefa yoletsa mabakiteriya kudutsa, koma madziwo anapitirizabe kudwalitsa fodya. Iye anaganiza kuti mwina ndi poizoni wa mabakiteriya kapena sefayo inali ndi vuto.

Mu 1898 Beijerinck anachita kafukufuku wofananawo n'kupitirira. Anaona kuti chodwalitsacho sichikula pa chakudya chilichonse cha mu labotale, koma chimachulukana m'masamba anthete amene akukula. Poizoni sangachulukane, choncho chinali chamoyo, koma sichinali bakiteriya. Anachifotokoza ngati madzi amoyo opatsirana ndipo anagwiritsa ntchito liwu lakuti virus. Pa mbali imodzi analakwitsa, chifukwa mavairasi si madzi ayi, ndi tizidutswa tating'ono zedi, monga zinadzaonekera Wendell Stanley ataumitsa vairasi wa fodyayo kukhala ngati timiyala ta mchere mu 1935. Koma pa mfundo yaikulu, yakuti pali gulu lina la zodwalitsa losiyana ndi mabakiteriya, ananena zoona. Khate la chinangwa, kadukutu wa mtedza, chikuku ndi Edzi, zonsezi zimayamba ndi mavairasi.

Khalidwe lake ndi imfa yake

Tisamupange munthuyu kukhala wopanda banga. Olemba mbiri yake amagwirizana kuti anali wovuta kukhala naye. Ankakalipira ophunzira pa zolakwa zazing'ono, ndipo ambiri ankamuopa, moti amene anamaliza udokotala pansi pake anali ochepa poyerekeza ndi zaka zimene anaphunzitsa. Sanakwatire, ndipo sankasangalala othandizira ake akamakwatira, poganiza kuti banja limasokoneza sayansi. Amene anamusamalira moyo wake wonse anali alongo ake, ndipo mmodzi wa iwo, Henriëtte, ankamujambulira zithunzi za zomera ndi tizilombo zophunzitsira. Ife aphunzitsi tikamawerenga izi timaona kuti nzeru zambiri zikasowa kuleza mtima zimathamangitsa ana amene akanapindula nazo.

Mu 1905 analandira mendulo ya Leeuwenhoek, imene inkaperekedwa kamodzi pa zaka pafupifupi khumi, ndipo amene anailandira iye asanalandire anali Louis Pasteur. Anapuma pa ntchito mu 1921 ali ndi zaka 70, n'kusamukira kumudzi wa Gorssel ndi alongo ake awiri, kumene ankalima dimba ndi kupitiriza kuyang'ana zomera. Mpando wake ku Delft unatengedwa ndi Albert Jan Kluyver. Beijerinck anamwalira ndi khansa pa 1 January 1931. Mu 1950 katswiri wina, Henri Derx, anapereka dzina lakuti Beijerinckia ku gulu la mabakiteriya okoka nayitrojeni amene amapezeka kwambiri m'dothi la asidi la m'mayiko otentha.

Ntchito yake ikupitirira

Kugawa mabakiteriya a m'timibulu m'magulu sikunathere pa iye. Mu 1982 amene amakula pang'onopang'ono, kuphatikizapo a soya, anachotsedwa m'gulu la Rhizobium n'kupatsidwa gulu lawolawo la Bradyrhizobium. Kuyambira mu 1977, pamene Carl Woese wa ku America anaonetsa kuti ubale wa mabakiteriya ungawerengedwe m'majini awo, akatswiri sadaliranso maonekedwe ndi zakudya zokha. Lero wonena kuti wapeza mtundu watsopano amayenera kuulera pawokha monga ankachitira Beijerinck, kuwerenga DNA yake ndi kuiyerekeza ndi ya mitundu yodziwika kale, kusungitsa mabakiteriyawo amoyo m'nkhokwe ziwiri za m'mayiko osiyana kuti ena athe kutsimikiza, ndi kulengeza dzinalo m'magazini yovomerezeka ya International Journal of Systematic and Evolutionary Microbiology. Mabakiteriya ambiri a m'dothi sanaleredwebe mu labotale ndipo alibe maina.

Zimenezi zimakhudza munda wathu mwachindunji, chifukwa si mabakiteriya onse amene amagwirizana ndi mbewu iliyonse. Nandolo, khobwe ndi mtedza nthawi zambiri zimapeza anzawo m'dothi lathu lomweli. Soya anachokera ku China, ndipo mitundu yake yambiri imafuna mabakiteriya amene m'minda yathu ndi ochepa kapena mulibe. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amatiuza kusakaniza mbewu ya soya ndi inokulanti tisanadzale. Inokulanti si feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Ndi mabakiteriya amoyo a mtundu woyenera, oleredwa paokha mwa njira imene inayamba mu 1888. Popeza ndi amoyo, amafa ndi dzuwa ndi kutentha, choncho timawasunga pozizira, timasakaniza ndi mbewu pamthunzi, ndipo timadzala tsiku lomwelo. Mitengo ya msangu ndi gliricidia nayonso imagwira ntchito ndi mabakiteriya a m'timibulu, ndipo pa malo a kafukufuku a Makoka, m'boma lathu lomwe lino la Zomba, akhala akuyesa kwa zaka zambiri kulima chimanga pakati pa mizere ya gliricidia.

Nayitrojeni wa m'thumba la urea, amene ndi magawo 46 mwa 100 alionse a fetelezayo, amachokeranso mumpweya. Amakokedwa m'mafakitale akuluakulu mwa njira ya Fritz Haber ndi Carl Bosch, imene inayamba kugwira ntchito mu 1913 ndipo imafuna moto wambiri. Kenako amayenda ulendo wautali wa panyanja ndi pamtunda asanafike ku Songani kapena ku Malosa, ndipo mtengo wa ulendo wonsewo amalipira ndi mlimi. Sitikunena kuti nandolo angalowe m'malo mwa feteleza yense. Mbewu zimenezi zimafunanso fosiferasi, sizichita bwino m'dothi la asidi wambiri, ndipo gawo lalikulu la nayitrojeni limachoka m'munda limodzi ndi zokolola. Chotsalira nthaka ndi masamba oyoyoka, mizu ndi masangwe. Tikamatentha zinyalala za m'munda pokonza minda timakhala tikutentha chonde chimene tinachipeza kwaulere.

Tikupempha ophunzira athu kuti mbewu zikayamba maluwa mvula ikubwerayi, apemphe chilolezo kwa makolo, akumbe phando limodzi la mtedza kapena soya mosamala, atsuke mizu ndi kudula kambulu kamodzi ndi lezala. Kakakhala kofiirira m'kati, ndiye kuti mabakiteriya akugwira ntchito. Kakakhala koyera kapena kobiriwira, sakugwira. Kambulu kenikeni kamakhala pambali pa muzu ndipo kamathothoka mosavuta ndi chala, pamene chotupa cha nyongolotsi za m'mizu, chimene timachiona pa tomato ndi fodya, ndi muzu weniweniwo umene watupa. Alembe mbewu, malo, mtundu wa dothi ndi kuchuluka kwa timibulu, ndipo abweretse zolembazo kwa aphunzitsi a sayansi kuti tiyerekeze minda ya kumtunda ndi ya kudambo. Inu makolo ndi akuluakulu a komiti, mwana akakupemphani phando limodzi kuti achitire zimenezi, chonde mulolezeni.